Ola Limene Firiji Inazima

Lachisanu, 8 Malichi
Masana ano tatsanzikana ndi mnzanga Aurèle, wapuma ntchito. Tasungunula tchizi m'chipinda chathu chomwechi, fungo mpaka kukafika kwa abwana Brechbühl. Soketi zinachepa, ndiye ndinazula pulagi ina kuseri kwa kabati kuti ndilumikize mbaula. Nkhani ndakamba mpaka mawu kusasa. Aurèle akuti, "Iwe Firmin, pakamwa pakopo palibe pozimitsira?"

Lolemba, 11 Malichi
Mayo ine. Pulagi ija inali ya firiji ya Solveig, mtsikana wochita kafukufuku wa digiri yake kuno.

Muli timapale take ta silikoni khumi ndi tiwiri, tija anatiwotcha dala ndi cheza champhamvu kuti aone mmene timafookera m'makina athu a sayansi a pansi pa nthaka. Tikawotchedwa timafuna kuzizira basi. Tikafunda, mabala a m'kati amasintha, zoyeza n'kuyamba kunama. Ineyo wosapita patali ndi sukulu, ndinazimva ndi khutu, ndipo zaka makumi anayi ndakhala ndikulalikira zimenezi kwa aliyense. Ndabwezera pulagi mamawa, munthu asanafike.

Lachiwiri, 12 Malichi
Solveig wapeza madzi pansi pa firiji. Sanalire. Wangoti, "Zaka zitatu za digiri yanga." Abwana akuti mwina sanatseke bwino chitseko. Iye wavomera kuti mwina. Ine duu, n'kumakolopa.

Lachitatu, 13 Malichi
Sindinadye. Mkazi wanga Odile: "Bambo, lilime mwalisiya ku ntchito?"

Lachinayi, 14 Malichi
Ku kantini ndamumva Solveig akuuza mnzake kuti akadangodziwa ola limene firiji inazima ndi limene inayakanso, akanawerengera kusinthako, ntchito n'kupulumuka. Koma chitseko chosatseka sichitchula ola.

Maolawo ali m'mutu mwangamu. Onse awiri.

Yatsala miyezi inayi kuti nanenso ndipume. Ndimafuna kuchoka ngati Aurèle, anthu akuwomba m'manja, osati kumaloza kuti nkhalamba ija inaphika silikoni ndi tchizi. Ndadutsa pakhomo la ofesi ya Solveig katatu. Katatu konse ndathera kuchimbudzi.

Lachisanu, 15 Malichi
Ndagogoda.

"Mwana wanga, si chitseko ayi. Ndine. Inazima Lachisanu 12:20. Inayakanso Lolemba 6:50."

Solveig wakoka mpando ndi phazi, n'kutenga pensulo.

"Khalani, a Firmin. M'chipindamo munkatentha bwanji, mawindo anali otsegula kapena otseka? Lero kambani zonse, osadumpha."