Khumi Okha Pabwalo

Lolemba, 28 Ogasiti

Mwamuna wanga Wendell waikanso makapu awiri a khofi pakhonde, ina yake, ina ya mnzake Roscoe. Wadikira mpaka khofi wazizira, kenako akuti, "Chimunthu chimenechi chayamba liti kuchedwa?" Ndamuuza kuti ali kubwalo ndi anyamata, paja ligi ikuyamba Loweruka. Wangogwedeza mutu.

Roscoe tinamuika mu Juni. Wendell analipo, ananyamula nawo bokosi. Kutacha anandifunsa kuti Roscoe ali kuti. Ndinamuuza, analira ngati akumva koyamba. Patapita masiku anafunsanso, ndinamuuzanso, kulira komweko. Ndiye ndinasiya. Ine sindingamaphe munthu m'mawa uliwonse.

Lachiwiri, 29 Ogasiti

Kunabwera Trey Mabry, kochi wa timu ya koleji ya mpira wachimereka panopa. Mwana amene Wendell ankamukalipira mpaka makutu kufiira, lero ali ndi imvi zake. Akufuna Wendell akaime naye m'mbali mwa bwalo Loweruka ngati mlendo wolemekezeka.

Zinazo wandiuzira kukhitchini, monong'ona. Poyamba penipeni adzalowetsa osewera khumi okha. Pamzere, kumanzere, pamene Roscoe ankaima akusewera, padzakhala popanda munthu, chisoti chake chosewerera chokha pa udzu. Adzangoima choncho mpaka nthawi yoyambira ithe, woimbira aponye kansalu kachikasu kowalangira kuchedwa, timu inayo ikane chilangocho. "Mwambo wathu uja, Mayi Haskew, mukuudziwa."

Ndikuudziwa. Ndi wa akufa.

Ndamuuza kuti, "Trey, mwamuna wanga waiwala dzina la galu wake, koma kuwerenga anthu pabwalo sanaiwale." Wangoyang'ana chipewa chake m'manja.

Lachitatu, 30 Ogasiti

Tsiku lonse pa TV, matepi a masewero akale, kubweza pamodzimodzi. Chala chili m'mwamba, milomo ikuyenda.

Ntchito yake yoyamba tili achinyamata inali imeneyi, kuwerenga mitu mpira usanayambe kuti akwane khumi ndi mmodzi. Atakwera n'kufika kumatimu aakulu a ndalama, tsiku lina kunalowa khumi ndi awiri pamphindi yomaliza, anagonja, Lolemba lake anamuchotsa ntchito chipale chofewa chili m'mawondo. Kuchokera apo amawerenga chilichonse. Kwaya kutchalitchi. Anthu pamzere wa kubanki. Paukwati wa mwana wathu Darlene anawerenga operekeza.

Zaka zoposa makumi anayi. Ohio, Texas, Michigan, kubwereranso kuno ku Mississippi. Makatoni ena sindinawamasule mpaka lero, ndinazolowera kuti Disembala akafika tinyamuka. Ndipo kulikonse lole ya katundu ankayendetsa ndi Roscoe, amene anayamba ngati wosewera wake, kenako wothandizira wake. Wendell atapuma, iye anatsalira kwa Trey. Ndinkawanena kuti ndinakwatiwa ndi amuna awiri, winayo ntchito yake kudya basi. Roscoe ankaseka mpaka mpando kulira.

Masana ano thabwa la pakhonde lalira monga linkachitira iye akaponda. Wendell osatembenuka n'komwe: "Wafika." Ndatuluka. Palibe munthu.

Lachinayi, 31 Ogasiti

Darlene pafoni: "Amayi, musapite nawo. Apo ayi auzeni."
"Ndiwauze kuti pofika nkhomaliro aiwale?"
"Ndiye mukufuna akamvere pamaso pa anthu masauzande?"
Ndadula. Akunena zoona, n'chifukwa chake wandikwiyitsa.

Koma W. wafukula chipewa chake chakale chobiriwira, wachichapa yekha. Wandifunsa kuti Loweruka tinyamuka nthawi yanji. Loweruka akulikumbukira! Kuyambira Lachiwiri silinamuchoke. Chaka chino palibe china chimene chakhala m'mutu mwake nthawi yotalika chonchi. Ndimulande?

Lachisanu, 1 Seputembala

Ndinayesa. Ndinakhala naye pansi, ndamugwira dzanja. Iye akuti, "Roscoe akachiona chipewa ichi mawa afa ndi kuseka." Ndinalephera kumuuza.

Ndikuchita mantha.

Loweruka, 2 Seputembala

Kutentha. Bandi, utsi wa nyama pamalo oimika magalimoto, azibambo amimba kuthamangira Wendell, "A Kochi! Mukundikumbukira?" Maina sakuwadziwa koma aliyense amamuuza malo amene ankasewera, osaphonya. Anawongoka msana ngati kale. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti zikhala bwino.

Tili m'mbali mwa bwalo anafunsa Trey kuti Roscoe ali kuti. Trey anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Anyamata analowa. Bwalo lonse zii, bandi yomwe. Ndinaona chala chake chikukwera. Anawerenga, n'kubwerezanso.

"Khumi! Trey, uli ndi khumi!"

Pa zii ameneyo mawu ake anafika mpaka mipando ya kumwamba.

"Imitsa mpira, iwe! Kumanzere kulibe munthu! Roscoe! Roscoe, anthu ako ali kuti?"

Earline, mkazi wa Roscoe, anali chapafupi pomwepo ndi adzukulu ake. Anagwira pakamwa. Sindidzaiwala.

Ndinamugwira mkono, anandikutumula. Anadumpha mzere woyera, munthu amene moyo wake wonse wakhala akukalipira ena kuti abwerere kuseri kwa mzerewo. Palibe anamuletsa. Anayenda ndi bondo lake lopweteka mpaka pampatapo, n'kuima. Chisoti chili pa udzu. Chimnyamata cha pambali pake chikulira m'kati mwa chisoti chakechake, mapewa akugwedezeka. Anayang'ana mnyamatayo. Anayang'ana a timu inayo, onse atagwada bondo limodzi. Mwambowu anauchititsapo iye mwini ku Texas, mwana wina atafa pangozi ya galimoto. Ndinauona ukumufika.

Anavula chipewa.

Nthawi inali itatha kalekale koma woimbira anangogwira kansalu kake m'manja. Wendell anatembenuka n'kumuuza, "Ponya, mwana wanga. Ndi ntchito yako." Anaponya.

Atabwerera kwa ine anati, "Liti?"
"Mu Juni."
"Ndinalipo?"
"Unanyamula nawo bokosi."
"Ndinanyamula bwino?"
"Bwino kwambiri."

Kenako anapita kwa Earline. Zimene ananena sindinamve, koma Earline anamukumbatira nthawi yaitali. Tisanachoke Wendell anapempha kwa othandizira timu tepi yoyera ija amamangira osewera m'mikono, ndi cholembera. Sindinafunse.

Kaya tinapambana kaya ayi, sindikudziwa. Ine mtima ukungoti mawa ayambiranso, makapu awiri, ndiye zonsezi zachitikira chiyani.

Lamulungu, 3 Seputembala

Ndadzuka mochedwa, mbali yake ya bedi yozizira. Ndathamangira pakhonde ndili wosavala nsapato.

Wakhala pampando wake, wavala suti yakuda ya pamaliro ija, tayi yapendekeka, kumutu chipewa chobiriwira. Patebulo kapu imodzi. Pamkono wamanzere wakulunga tepi yoyera, monga ankawalembera anyamata ake zoti asaiwale ali m'bwalo. Zilembo zazikulu zonjenjemera: ROSCOE. JUNI.

Amayang'ana kumsewu, nkhope n'kuyamba kuwala ngati akudikira munthu. Kenako amayang'ana pamkono.

Wandiona, waimirira.

"Maxine, tenga makiyi. Ukandionetse pamene tinamugoneka. Tiye msanga ndisanaiwale."