Sitima za Akamwini

Achimwene a Darlington,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ine ndilipo, koma miyendoyi. Akundilembera ndi a Jestina akutchalitchi, osati mwana wanga Atuweni.

Akamwini athu a Lucius, chisiyireni ntchito m'tauni ya Corby kuno kunja, amangokhalira kumenyanitsa sitima zapamadzi zankhondo zamakedzana pa kompyuta, zofuka utsi zija. Dzana anakuwa kuti, "Ndamira!" Ine kuthamanga, kukapeza munthu ali pampando, wouma bwinobwino. Loweruka, Atuweni atangoweruka kuchipatala, a Lucius anatitengera ku myuziyamu, kosungira zinthu zakale, kukaona mizinga. Iwo ankalongosola mfuti iliyonse, mkazi wawo akusinza choimirira. Pobwerera sanalankhulane, mpaka lero.

Ndatopa, achimwene. Paja ankhoswe ndinu. Foni yanu isamazime masiku ano.

Ine mlongo wanu,
Nachisale