Mano a Alinafe

Lolemba, 2 Juni

Ndabwerako ku Chipata. Zitenje makumi awiri, fumbi m'mphuno. Kufika pakhomo, Tamandani, mkazi wa mlongo wanga Fletcher, ali pamtondo akuseka ndi anzake. Pakamwa yasa, mano onse pamtunda, oyera mbee. Amaseka ngati dziko ndi la bambo ake. Sindimufuna, sindinamufunepo.

Mwana wawo Alinafe wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Mano achikasu, okumbikakumbika. Akatafuna chimanga chokazinga amanyenyeka ngati choko. Mano amenewo ndimawadziwa bwino.

Lachinayi, 5 Juni

Kumjigo ndangomuponyera Anasi funso limodzi: kodi mwana angamere mano opserera chotero popanda chimene mayi ake anamwa? Basi. Anasi ndi wailesi yosafuna mabatire. Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa kuti Tamandani anamwa zitsamba zochotsera mimba Fletcher ali ku Lusaka ndi thiraki, mimba n'kukana, mankhwala n'kuwotcha mano a mwana. Wina wawonjezera kuti ankaichotseranji ngati inali ya mwamuna wake. Limenelo si langa, koma ndalikonda.

Lamulungu, 8 Juni

Fletcher wafika, nkhani yamuchingamira kuboda komwe. Wandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Achemwali, ndi zoona?" Ndati ine ndilibe mawu, kayang'ane wekha m'kamwa mwa mwana.

Kutchalitchi Tamandani sanaseke. Koyamba. Ine ndaimba mokweza kuposa onse.

Loweruka, 14 Juni

Ankhoswe pansi pa mango. Tamandani walira, wagwada, walumbira atagwira Baibulo. Kenako watembenukira kwa ine. "Alamu, mimba imene ija munkandiperekeza kusikelo ndinu. Nenani chilungamo." Zoona, ndinkamuperekeza. Ndayang'ana pansi, ndati ine sindinkagona m'nyumba mwawo.

Wapita kwawo ku Dambe pakabaza, chikwama pamiyendo. Mwana watsala. Kuno ndi kwa Zulu, ng'ombe za malowolo zinapita kalekale, mwana ndi wathu. Alinafe wathamangira kabazayo mpaka pamlatho. Ndakamubweza ndine, ndi kamtengo ka pichesi.

Lachitatu, 2 Julayi

Pakhomo zii. Ndimaganiza kuti ndidzasangalala kuposa apa.

Mwana sakudya. Akuti madzi ozizira akumulasa m'mano. Lakutsogolo linaguluka mwezi watha, analiponya padenga n'kupempha khwangwala amubweretsere loyera ngati la amayi ake. Latsopano latulukira. Chikasu chomwecho. Fletcher waimba foni, akuti ndipite naye kuchipatala kuboma. Ndazengereza, ndasowa chonamizira.

Lachiwiri, 15 Julayi

Kuchipatala. Dokotala wa mano, mayi wamagalasi, wosathamanga polankhula. Waunika ndi tochi. Akuti dzino limaumbidwa likadali m'nkhama, ndipo chikamba chake cholimba chija chikamakhwima pamatuluka asidi. Thupi lili ndi tinthu tothandiza kuziziritsa asidiyo, kena dzina lake kaboniki anihayidirezi. Wachita kundilembera m'buku la mwana, ngati ndikakhoma nalo mayeso. Ntchito imeneyo ikalephereka, dzino limatuluka lofewa ngati njerwa yosapsa. Akuti sangaloze kamene kanalakwika kwenikweni popanda kuyeza kwina, koma mano otere kawirikawiri amayenda m'magazi, pamtundu.

Ndafunsa za zitsamba. Wavula magalasi. "Mayi, dzino latsopanoli linayamba kukhwima mwana atabadwa kale. Musamusemere munthu chinyau."

Kenako: "Alipo kwanu wa mano otere?" Ndati kuchimuna kulibe, mwina kwa mayi ake. Wandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali. Ntchito yake amaidziwa, mfiti ameneyu. Alinafe pampando, miyendo lendelende, makutu tcheru.

Mu minibasi ndang'amba tsamba lija, ndalitaya pawindo tisanafike pa Kamwendo.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndilembe kamodzi, buku silipita kumjigo.

Atate anali nawo mano amenewa. Anthu ankati ndi fodya. Anamwalira Fletcher akukwawa, iye sawakumbuka. Ine ndinali nawo. Ku Chipata kwa azakhali, komwe ndinakulira, ana ankanditcha Chofumbwa. Kusukulu dzanja pakamwa, pazithunzi milomo yotseka. Benedicto anabweza mawu ukwati utalengezedwa kawiri m'tchalitchi, amayi ake atanena kuti safuna zidzukulu zofumbwa. Ndinazulitsa onse ndili ndi zaka 22, n'kuikitsa ochita kuvala awa. Kumudzi kuno ndinabwera ndikumwetulira. Zaka 19 tsopano, palibe anawaonapo ali m'kapu.

Ndiye wina azibwera ndi mano aulere kudzaseka pakhomo pa atate anga, m'mawa, masana, madzulo? Anandilakwira chiyani? Palibe. Ankangoseka.

Loweruka, 19 Julayi

M'mawa kubafa. Mano ndawaika pamwala, ndikutsuka nkhama ndi chala. Chiguduli cha pakhomo chasuntha. Alinafe, sopo m'manja, ndinamuiwala pakhonde. Wayang'ana pamwala. Wayang'ana ine. Sanathawe, sanaseke. Bola akanaseka.

"Azakhali, ndiye adokotala aja amafunsa za inu."

Ine kukamwa kulibe kanthu, milomo yalowa m'kati.

"Ndikawauza adadi, amayi abwerera?"

Ndavala mano anga. Ndamugwira dzanja mpaka zala zanga zadindika. Ndamuuza kuti akangoyerekeza kutsegula pakamwa, ndimuzula onse otsalawo ndi pulayala ya adadi akewo, limodzilimodzi. Wangogwedeza mutu. Misozi ayi.

Tsiku lonse wakhala pakhonde, dzanja pakamwa. Dzanja lamanzere, chala chachikulu pansi pa chibwano. Momwe ndinkachitira ine. Ndamupatsa phala la shuga wambiri, sanalikhudze. Akungoyang'ana kumsewu.

Fletcher akufika mawa. Thiraki ikangolira pamlatho, woyamba kukafika ndi Alinafe, amakwera mpaka kutsogolo. Ine ndi maondo angawa sindingathe kumupitirira.