Beseni Limodzi

Lolemba, 12 Juni 2017
Kuno ku Njakwa. Mphepo yochokera ku Nyika, yolowa m'mafupa. M'mimba mwandipotokola kuyambira m'mawa, kuchimbudzi kawiri. Zazing'ono. Ndachonga mayeso a Fomu 2, ndaphikira banja lonse.

Lachitatu, 14 Juni
Apongozi aamuna agona. Kusanza kanayi, kutsegula m'mimba. Mlamu wanga Ida akuti ndi chimfine cha nyengo yozizira. Wawafunditsa mabulangete awiri, wawapatsa tiyi wa mandimu. Chimfine chanji chopanda chifuwa, chopanda mamina, kukhosi kosawawa? Thupi latentha pang'ono chabe. Ili ndi vuto la m'mimba, ndipo limayenda ndi manja.

Lachisanu, 16 Juni
Ida nayenso. Mwamuna wanga Thomson wayamba masana.
Lero ndaliyang'anitsitsa beseni losambira m'manja pa chakudya. Madzi amodzi. Apongozi kuyamba, kenako amuna, akazi, pomaliza Kezia wanga wa zaka ziwiri, m'madzi otuwa kale. Mwana wa msinkhu uwu akatsegula m'mimba, madzi amatha m'thupi tsiku limodzi. Ndikuopa.

Loweruka, 17 Juni
Ndabwera ndi jagi ndi sopo kuti aliyense ndimuthirire payekha. Ndinagwada monga mwa masiku onse. Apongozi anabweza manja.
"Mkamwana, mwachoka ku Dedza kudzandiuza kuti ndine wauve m'nyumba mwanga?"
Sanadye. Thomson, ali chigonere: "Mabuku ako uziwasiya kusukulu."
Beseni ndalibisa.

Lolemba, 19 Juni
Kezia.
Wasanza kasanu, maso alowa. Kuchipatala atipatsa Thanzi ndi zinki. Namwino: "Amayi, si chimfine ichi." Ndikudziwa. Supuni imodzi, kudikira, ina. Zofunda zonse ndachapa ndi kolorini, manja asuwa.
Jagi ndinachedwa nayo. Apongozi sindikuwayang'ana kumaso.

Lachinayi, 22 Juni
Kezia wakodza bwino, wapempha nthochi. Ndinakhala pansi pakhonde.
Masana apongozi atambasula okha manja pansi pa jagi. "Yewo, mkamwana." Kuthokoza kwawo, basi.
Ndinafuna kumulembera Thomson mndandanda wa odwala, aliyense ndi tsiku lake, aone yekha kumene matendawa anayambira. Ndatsegula masamba a m'mbuyo a buku lino kuti ndisalakwitse masiku. Pa 19, pa 16, pa 14.
Pa 12.
Dzina loyamba si la apongozi. Ndi langa.
"Ndaphikira banja lonse."