Nkhwazi ya a Saidi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Ine malungo aja anatha, koma kusungulumwa ndiye kwandikwana kuno ku Mangochi.

Kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri uja, woona ngati alendo odzacheza sakusokoneza zachilengedwe m'malo otetezedwa, wandidanitsa ndi anthu. Lachiwiri ndinakwera boti la a Saidi, bambo amene amaperekeza azungu kuzilumba. Iwo anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzakatola, alendo n'kumajambula mokondwa. Ine ndinatulutsa kope n'kufunsa ngati mbalameyo imasakabe yokha.

A Saidi anandiyang'anitsitsa. "Mwanangu, mukalemba zimenezo atiletsa. Ana anga adzadya kope lanulo?"

Chichokereni tsikulo, ndikangofika padoko macheza amatha. Akuti ndine kazitape wa boma. Ngakhale amayi a mandasi, amene ankandisungira mpando, akumangondiyankha ndi mutu.

Chonde mundiimbireko Lamlungu, ndimveko mawu a munthu wondidziwa. Mundipemphererenso. Aphunzitsi akufuna lipoti Lachisanu, koma tsamba la nkhwazi lija likadali loyera.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tamanda