Kiyi wa a Hoyt Akadali pa Msomali

Oregon,
21 Okutobala 2019

Okondedwa achemwali a Bernadine,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Clarence. Bondo lija likukulolani kuyenda? Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiya? Kuno ine ndi mlamu wanu Darlene m'thupi tili bwino, mvula yokha ndiyo yayamba kale ntchito yake. Koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndatenga pepala. Pafoni mukanandidula pakamwa ndisanafike pakati, ndimakudziwani.

Munandifunsa chifukwa chimene sindinabwerere ndi ndege yanga nthawi yokolola tirigu monga ndinalonjezera. Ndinakuyankhani kuti ndi nyengo. Linali bodza, achemwali. Ndege ija inatsala pang'ono kundipha, ndipo ine pofuna womuloza chala ndinaipitsa dzina la munthu wosalakwa.

Mukuwakumbukira a Hoyt Pruitt, mdala wamtali uja anakutsegulirani chitseko cha shedi yosungiramo ndege mutabwera ndi Amayi chaka chatha? Zaka makumi anayi akhala akulumikiza mawaya a ndege. Thupi la ndege yanga ndinakhoma ndekha zaka zisanu ndi chimodzi, koma zamagetsi zonse ndi iwo, ndipo sanalandire kanthu kupatula khofi ndi payi wa maapozi wa Darlene. Ndinawadulira kiyi wawo wa shedi kuti azilowa nthawi iliyonse. Akazi awo anamwalira kale, ana ali kutali. Chimene chimawadzutsa m'mawa ndi mawaya a ndege za anthu.

Ndege za masiku ano sizikhalanso ndi timawotchi tambirimbiri tija. Pamaso panga pali galasi limodzi ngati la wailesi yakanema, losonyeza liwiro, kutalika ndi kumene ndikulowera. Kumchira kuli kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kampasi yamagetsi, kamene kamauza galasilo kumene kuli kumpoto. Ndiye pali makina owongolera ndege okha munthu akafuna kupumitsa manja, amene tonse kuno timangowatcha Joji. Joji alibe maso, amangomvera kabokosi kaja.

Lamulo limati ndege yopanga wekha uyambe wauluka nayo wekhawekha maola makumi anayi usananyamule munthu. Maola khumi oyamba zonse zinali myaa. Pa ola la khumi ndi limodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinamusiyira Joji chiwongolero ndili pafupi ndi mapiri. Mphepo itangotigwedeza pang'ono, manambala a pagalasi anayamba kuvina, Joji n'kupendeketsa ndege kumanzere, kulunjika phiri. Mayo ine! Ndinaona mitengo ya paini umodziumodzi. Ndinadina batani lomuchotsa, n'kuwongola ndekha mpaka kukatera.

A Hoyt anabwera madzulo omwewo. Anandifunsa mafunso ngati dokotala, kenaka anati vuto silikuoneka la mawaya. Anati waya woduka sadikira mphepo, pali chinthu chachitsulo chimene chikugwedezeka kumchira, nditsegule ndipo ndiyendetsemo kampasi yapamanja. Ine ndinapsa mtima. Ndinati mchira umenewo ndinakhoma ndekha, msomali uliwonse ndimaudziwa, mulibe ngakhale pini. Iwo anangoti chabwino, ndege ndi yako.

Mukudziwa kuuma mutu kwa banja lathu la a Volk mmene kuliri. Miyezi iwiri ndinasanthula paliponse kupatula pamene anandiuza. Ndinakoka mawaya awo n'kuika ena. Kabokosi ndinakachotsa ndi dzanja limodzi pa kabowo koyenderapo, osasuzumiramo n'komwe, n'kukatumiza kwa amene anakapanga, ndipo kanabwerako ndi kalata yoti kalibe vuto. Pansi ndikayesa, zonse bwinobwino. Ndikakwera, mphepo ikangokhudza, Joji wayamba misala yake. Tulo tinandithawa, ndipo Darlene anafika pondiuza kuti ndisankhe, ndege kapena iye.

Loweruka lililonse timakumana m'shedi yaikulu ya kalabu yathu ya okonda ndege kudya mapankeke ndi kunamizana. Tsiku limenelo tinalipo anthu makumi awiri. Dwayne, mnzathu wina wa pakamwa posatseka, anakuwa kuchokera kuchitofu: "Leonard, Joji wako wasiya mowa kapena akadamwabe?" Anthu anaseka. A Hoyt anali pambali panga, akukweza kapu, khofi akutayikira m'sosala chifukwa manja awo amanjenjemera chiyambire chaka chatha. Tonse tinkaziona koma palibe ankatchula. Ine ndi manyazi anga ndinaloza kapu ija.

"Funsani amene anamulumikiza," ndinatero. "Taonani, khofi akulephera kufika naye kukamwa. Ndiye mawaya opyapyala ngati tsitsi angawathe?"

A Hoyt anaika kapu pansi, natulutsa makiyi awo, n'kuyamba kuchotsa wa shedi yanga pa kamphete. Zinawatengera nthawi ndi manja amenewo, tonse tikuyang'ana. Atatha anaupachika pa msomali wa pafupi ndi chitseko, navala chipewa, n'kumapita. Isanathe milungu iwiri anthu atatu amene a Hoyt ankawalumikizira ndege anakatenga zinthu zawo, aliyense ndi chifukwa chake chaulemu.

Lachiwiri lapitali ndinkabwezera kabokosi kaja kachitatu pamene kanati kachitsulo komangira kabokosiko kanandipulumuka m'zala n'kugwera m'kati mwa mchira. Ndinayembekeza kumva kakugubuduka. M'malo mwake ndinamva kha! kamodzi basi. Ndinalowetsa tochi ndi kagalasi. Kanati kaja kanali lende m'malere, katamatirira pa kathumba kansalu komangidwa ndi ulusi wofiira ku nthiti ya mchira, kuseri kwa chotchinga, pafupi ndi kampasi ngati kutalika kwa chikhatho. Nditakakhudza ndi chala kanayamba kulendewera uku ndi uku.

Ndisanamasule ndinaidziwa nsaluyo, ndi ya epuloni ya Amayi ya maluwa abuluu. M'katimo munali mendulo ya malemu Bambo ya Kristofa Woyera, woteteza apaulendo, ija inkamata kutsogolo kwa lole yawo yonyamulira tirigu. Mukukumbukira maginito ake? Tili ana tinkatolera nawo misomali pabwalo. Munalinso kapepala ka dzanja la Amayi: "Bambo ako aziyenda nawe."

Ndinakhala pansi pa simenti, mutu uli m'manja. Ndiye ndinakumbukira. Kuno tili ndi mwambo woti tisanatseke mchira, abale amalemba mayina awo m'kati ndi cholembera chakuda. Inu munalemba mwachangu n'kupita kukajambula zithunzi. Amayi anachedwa, dzanja lili m'kati mpaka m'phewa, ndipo nditawaseka anati ndisawafulumize, dzina lawo ndi lalitali. Ine n'kuwakhulupirira, chikhalirecho Agatha ndi zilembo zisanu ndi chimodzi zokha!

Tsiku lomwelo ndinapita kwa a Hoyt. Ndinawapeza m'galaja akulongedza zida zawo m'makatoni, aliyense atalembedwa dzina la munthu woti akampatse. Ndinawaonetsa mendulo, ndinawauza zonse, ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangofunsa kuti inali patali bwanji ndi kabokosi, ndipo inamangidwa kapena inkalendewera. Nditayankha anagwedeza mutu nati n'chifukwa chake pansi sinkaoneka: maginito okhala phee makina amawazolowera, koma oyendayenda ayi.

Kenaka anatenga kampeni n'kuyamba kumatula maginito kumbuyo kwa mendulo. Mpeni unkaterereka. Ndinatambasula dzanja kuti ndithandize, iwo anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kulibweza. Atamatula anayandikiza mendulo ku kampasi yapamanja, singano osasuntha, nandipatsa.

"Tsopano bambo ako akhoza kukwera," anatero. "Mayi ako usawadzudzule. Iwo anachita zimene amadziwa."

Ndinati Loweruka ndikaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti wolakwa ndine, ndipo kiyi wawo akuwadikira. Anapitiriza kukulunga chida m'nyuzipepala.

"Kanene, mwana wanga, n'zoyenera. Koma kale anthu aja ankayang'ana ntchito yanga. Iwe unawaonetsa manja. Ukuganiza kuti asiya kuwayang'ana?"

Ndinatenga mendulo ija, achemwali, n'kutuluka.

Lachisanu ndinauluka maola awiri m'mphepo yeniyeni. Joji anayenda mowongoka ngati mzere wa thirakitala ya alamu. Mawaya amene ndinabwezeramo ndi a Hoyt omwe aja, chifukwa anga ndiwo anali osokonekera. Ndinayenera kusangalala, koma ndinatera ndikuganiza za a Hoyt.

Loweruka ndinaimirira monga ndinanenera. Ndinafotokoza zonse, osabisa kuti a Hoyt anandiuza tsiku loyamba lomwe ndipo ine ndinakana. Anthu anaseka nkhani ya Amayi, ena anaomba m'manja, Dwayne n'kunena kuti aliyense azisecha amayi ake asanalowe m'shedi. Ine ndinawapempha atatu aja kuti abweze ntchito zawo kwa mdalayo. Mmodzi anayang'ana pansi. Wina anandikokera pambali n'kunong'ona kuti zoona, ulendo uno sanalakwe, koma nawenso Leonard unawaona manja aja. Mpando wa a Hoyt unali wopanda munthu.

Pempho langa ndi limodzi. Musawauze Amayi. Ndikudziwa kuti inu ndi iwo simubisirana kanthu, ndipo mwina za kathumbaka munkazidziwa, sindikufunsani. Koma pa msinkhu wawo akamva kuti mendulo ya Bambo inatsala pang'ono kundigwetsera paphiri, sadzagonanso. Akakufunsani mozungulira ngati ndinapezamo kanthu m'ndege, muwauze kuti Bambo akuyenda nane, chifukwa tsopano ndi zoona, ndaimanga ndi waya kuseri kwa mpando. Munthu mmodzi ndamuswa kale mtima ndi pakamwa pangapa, wachiwiri ayi.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndibwera chipale chofewa chikasungunuka, mpando wakumanja ndi wawo ngati dokotala alola. Moni kwa alamu anga a Clarence, kwa azakhali a Rosina, ndi kwa adzukulu anu onse, makamaka kamtsikana kaja kanandilembera kuti kakufuna kuona denga la tchalitchi kuchokera kumwamba. Darlene akuti musaiwale mbewu za katsabola zija. Akutinso ndisiye kupita kwa a Hoyt tsiku ndi tsiku ngati mwana wotayika, koma mawa ndipitanso ndi payi.

Dzulo ndinadutsa ku shedi ya kalabu. Wina wapachika jekete lake pa msomali uja, pamwamba pa kiyi. Ndinalichotsa n'kuliika pampando, kuti mwini kiyi akadzalowa asavutike kumupeza.

Mundipempherere, achemwali, ine ndatopa nawo mutu wangawu.

Ndine mlongo wanu,
Leonard