Fomu ya hositelo musasayine kaye

Achemwali,

Pepani, ndatuluka muli m'bafa. Fomu yoti tikhalenso chaka china m'hositelo muno musasayine kaye.

Nyumba munandituma dzulo ija sindinaione. Ndinagona m'basi, podzidzimuka dalaivala akundiuza kuti ulendo wathera pomwepo. Ndikudikira basi yobwerera, ndinaona chikwangwani pageti: chipinda cha lendi, ophunzira awiri. Eni ake ndi mayi wina wachikulire, telala wopuma ntchito.

Achemwali, chipindacho chili ndi zenera. Zenera lenileni, osati kabowo ka m'chipinda chathu chapansichi kongoonetsa nsapato za anthu odutsa. Dzuwa limalowa n'kudzagona pansi ngati mphaka. Ndinangoima, ndikukuonani muli patebulo mukulemba mutu wachitatu wa kafukufuku wanu, chifuwa chija chitatha, zovala zikuuma panja pachingwe. Za madzi otentha sindinafunse. Za intaneti sindinafunsenso. Kuyunivesite ndi ola lathunthu pabasi, izi zokha ndiye ndazidziwa bwino.

Madzulo ndinaopa kukuuzani, mukanandiseka. Mayiwo akufuna atione tonse isanakwane 12 koloko, titatenga makalata athu a sukulu, chifukwa masana kukubwera ena. Ndatsogola kukakhala pakhomo kuti asatilande. Kwerani nambala 14, musatsike mpaka dalaivala atazimitsa injini. Mukhoza kugona, simungasochere.

Ofesi ya hositelo atseka 4 koloko. Mukakana, tibwerera limodzi kudzasayina chaka china cha pansi pa nthaka, sindiwiringula. Koma kukanako mukakanire komweko, muli padzuwa lija, mutavula chijasi chomwe simuchivula m'chipinda chathu chozizirachi.

Mng'ono wanu